Mawu Anga M'kaseti ya Tamara

Ndine ndinayamba, ndipo sindikukana. Inali nyengo yotentha, fungo loswa mphuno la kufakitale ya feteleza likulowa mpaka m'kalasi, masitolo a m'Kafue atangodzaza katundu wakunja. Tamara, mnzanga wa m'giredi naini, bambo ake anamugulira kawailesi ka kaseti. Enafe tikadaikamo rumba. Iye ankawerengeramo manotsi a mbiri yakale, n'kumamvera mawu ake omwe akutsuka mbale pampopi.

Sukulu inkafuna mwana mmodzi wa kalasi yathu wokapikisana pa mafunso ku Lusaka. Ine Lusakayo ndinkangoimva pakamwa pa makondakitala a minibasi. Ndinkalemba m'kope mpaka chala kuchita matuza, koma Tamara akafunsidwa ankangotsinzina, n'kuyankha. Anandiuza yekha kuti akakumbukira kulira kwa sitima imene inadutsa akujambula, yankho limatsatira pambuyo. Mtima unandiwawa. Nzeru zoyendera mabatire zindipose ine?

Loweruka lina ndinapita kwawo ngati wobwereka rula. Amayi ake atamutuma kumsika, ndinaipeza kasetiyo pawindo. Anali atathyola timano take kuti isafufutike, koma ine ndinatseka timabowoto ndi pepala lotafuna, n'kuiika m'kawailesiko, n'kudina batani lofiira lojambulira. Ndinaimba nyimbo ya maliro, ndinalira ngati chule wa kumtsinje, ndinatsokomola ngati a Mudenda, aphunzitsi athu a mbiri, mpaka mbali yonse inatha. Chimene ndinaiwala n'chakuti kaseti siiwala mawu a munthu.

Lolemba Tamara anaika kawailesiko patebulo la a Mudenda, maso ali psuu. "Ba Ticha, uyu anidula mutu."

"Mutu uli nawo, si uwo?" ndinatero. "Kaseti nayo ilipo. Naba chani?"

A Mudenda anamvetsera mpaka pamene panali chifuwa chawo. Kenako anatola kope langa, naliika m'thumba la jekete. "Manje iwe, tiuzeko za malonda a minyanga ya njovu. Mutu uli nawo."

Maso anga anathamangira kuthumba la jeketelo. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Nthawi imeneyo ndinkati kulemba ndi khama, kujambula mawu ndi kubera. Lero ndimaona kuti tonse awiri tinkasunga theka la mutu panja, iye m'kaseti, ine m'pepala. Changacho chinangokhala chakale, anthu anachizolowera mpaka kuchitcha nzeru.

Chilango changa chinali kuwerengera m'kawailesiko manotsi onse, masana atatu, Tamara atakhala pambali kuti ndisanamize. Ndinawerenga mokhathamira ngati woulutsa nkhani, ndikuimaima kuti ndimwe madzi ozizira a kwa Tamara. Ku Lusaka kunapita iyeyo. Koma atabwerako anandidandaulira kuti funso lililonse likabwera, ankamva liwu langa likumuuza yankho m'mutu. Ndiye wina andiuze kuti sindinapiteko.