Duwa Lomwe Linatisonyeza Pogona Yohane

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinamva amayi akukana mawu a atate, chinthu chomwe anali asanachitepo. Inali nthawi ya nkhondo. Asilikali a Chipwitikizi anali atatiunjika m'mudzi wa mpanda wa waya kufupi ndi Metangula, ndipo atate anali atapangana mobisa ndi mwini bwato kuti atiwolotsere ku Likoma.

"Ine sindikwera bwato ndisanatsazike Yohane," anatero amayi.

Yohane anali mlongo wanga wamng'ono. Anamwalira ndi chikuku tikubisala m'nkhalango ya kumapiri, ndipo anamuika mofulumira, popanda mtanda. Chizindikiro chinali mtengo wa msuku. Koma titapitako m'chilimwe tinapeza lupsa lokhalokha, ndipo zitsa zakuda zinali zofanana zonse. Tinazungulira mpaka miyendo kuwawa, osapeza kanthu.

"Akazi anga, kodi phulusa lili ndi dzina?" anafunsa atate. "Mwini bwato satidikira mpaka kalekale."

"Dikirani mabingu ayambe. Mwanayo adziwika yekha."

Ine ndinali mbali ya atate, ndisaname. Ndinkafuna Likoma, komwe ankati kulibe mfuti, ndipo mumtima ndinkati chisoni chawasokoneza amayi mutu.

Mabingu atayamba kugunda kumapiri, mvula isanagwe ngakhale dontho, amayi anandisenzetsa dengu. Kwa msilikali wa pachipata anati tikukazula chinangwa. Dzuwa linali loswa mtengo, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo phulusa linkandiwotcha kumapazi. Ndinadandaula njira yonse. Pakamwa panga sipanayambe lero. Mitengo yomwe inapulumuka moto inali itayamba kutulutsa timasamba tofiirira, koma pansi panali bii!

Kenaka amayi anaima. Patsogolo pathu, pakati pa phulusa, panali maluwa ofiira psuu, obulungira ngati malalanje, lililonse lili pa phesi lake lonenepa lopanda tsamba. Duwa lililonse linali ngati masingano ambirimbiri, kunsonga kuli kaufa kachikasu. Agulugufe anali piringupiringu pamwamba pake. Ndinkadziwa kuti chomera chimafuna madzi, ndipo apa nthaka inali youma gwa. Ndinagwada osauzidwa ndi munthu.

"Ndinabzala limodzi, taona abadwa angati," anatero amayi chapansipansi.

Anandiuza kuti tsiku la maliro anakumba chinthu chonga anyezi wamkulu n'kuchikwirira kumutu kwa manda. Anasankha chimenecho chifukwa n'chakupha, nguluwe sizichifukula. Chimasunga madzi a dzinja m'mimba mwake, moto n'kumadutsa pamwamba osachikhudza. Chimafulumira kutulutsa duwa udzu usanatalike ndi mitengo isanatseke dzuwa, kuti agulugufe achione. Masamba amabwera pambuyo, mvula ikagwa, ndipo pakapita milungu yochepa duwalo silionekanso mpaka chaka china. Tikanachedwa pang'ono, kapena kufulumira, tikanadutsa pomwepo osadziwa.

Amayi anasesa phulusa ndi manja, n'kuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu. Atamaliza anati, "Yohane, ife tikuwoloka. Usatifunefune."

Ine ndinatola kamtengo n'kuyamba kukumba pa duwa lina. Ndinkafuna tikalibzale ku Likoma. Amayi anandigwira dzanja.

"Leka, mwanangu. Ili si la pakhonde, n'la m'nkhalango. Ndipo ukazula, wobwera pambuyo adzamupeza bwanji?"

Tinawoloka sabata yomweyo. Amayi anakwera bwato osacheuka, ndipo sanabwererenso. Anagona ku Likoma konko.

Ine ndinabwerera ndili kale ndi imvi. Sindinafunse munthu njira. Ndinakhala kwa achibale ku Metangula kudikira mabingu, ana akundiseka kuti agogo awa akudikira chiyani kumwambako. Mabingu atagunda, ndinakwera phiri pang'onopang'ono ndi ndodo yanga, ndipo ndinapeza malo onse aja ali psuu.

Ndili mwana ndinkayesa kuti chomwe sichikuoneka ndiye kuti chatha. Tsopano ndikudziwa kuti zina zimangokhala phee pansi pa phulusa, kudikira nyengo yake. Ndinazindikiranso china nditagwada pamenepo: wobwera pambuyo uja amayi ankanena, ndinali ine.