Bwalo Langa la pa Intaneti ndi Amalume a ku Karoi

Mwamuna wanga ndi Mshona wa ku Marondera. Abale ake atafuna kubwera kudzapereka roora, malowolo tingotero, amayi anga anangopukusa mutu. Anati ukwati wa mwana wamkazi sakamba ndi mayi, amakamba ndi amalume, eni mbumba. Tsoka ilo, amalume angawo, mlongo wawo wa amayi, tinali titasowana nawo kalekale. Pulazi yomwe ndinabadwira ku Macheke itasintha eni, anthu a m'komboni mwathu anabalalika aliyense kwake. Amalume anakwera lole ya ku Karoi kukasankha fodya, nambala yawo ya foni inafa, basi zii.

"Popanda iwowo, Ashona akowo asaponde pakhomo pano," anatero amayi.

Ndinalira, ndinakalipa, ndinanyanyala sadza, nsima ya kuno. Amayi anadya mbale yawo ndi yanga yomwe.

Gulu la pa foni la ana a m'komboni tinali nalo kale, koma mmenemo sungalowetse munthu amene nambala yake ulibe, komanso uthenga wako umamira msanga pansi pa zithunzi za maluwa ndi mauthenga a maliro. Ine ndinkafuna bwalo la pa intaneti, loti munthu alipeze yekha, nkhani ikaikidwa ikhale pomwepo mpaka mwini wake aione. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya pulazi ya maluwa, ndiye kompyuta sindiiopa. Ndinadzitama kuti amalume ndiwapeza ndekha.

Bwalo lotere limafuna zinthu ziwiri: pulogalamu yoliyendetsa, ndi kompyuta yosazima yoti lizikhalamo. Msuweni wanga, yemwe amakonza mafoni ku Marondera, anadzimenya pachifuwa. "Ubwerekeranji malo kwa azungu? Bweretsa kuno, kompyuta yangayi ndi chitsulo!" Chitsulo chake chija, magetsi akathima nacho chinkagona. Tsiku lina magetsi alipo bwinobwino, bwalo osatseguka. Ndinakwera kombi, kaminibasi, kupita kwa iye mtima uli m'mwamba, n'kukapeza mkuluyo wazula chingwe cha kompyuta kuti aphike tiyi. Ndinamuthira mawu oti sindingawalembe pano. Sabata yomweyo ndinabwereka malo pa makompyuta a kampani ina ya ku Joni, monga momwe munthu amachitira lendi chipinda. Kumeneko kulibe ophika tiyi.

Pa pulogalamu napo ndinayamba ndi matama. Ndinasankha yonyezimira, yazithunzi zoyendayenda. Pa kompyuta ya ku ofesi inkaoneka ngati hotela. Koma pa kafoni ka amayi kankangozungulira kabwalo kakang'ono, data n'kumatha, chotseguka palibe. Anthu athu ambiri netiweki amaisaka pachulu kapena pamwamba pa thirakitala, ndiye hotelayo akanalowamo ndani? Ndinaitaya n'kutenga ina yakalekale, yaulere, yosaoneka bwino ngati thumba la feteleza, koma yotseguka paliponse. Inkalolanso kugawa zipinda. Akuluakulu a gule anafuna chawo chokhoma, choti mkazi ngati ine ndisasuzumiremo ngakhale kiyi ndinapanga ndine. Bambo wachisilamu wa golosale ya m'komboni anafuna cha zolengeza za kumzikiti, amayi a mvano nawonso chawo. Onse ndinawapatsa.

Pamwamba penipeni ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti tikusaka munthu wakutiwakuti, wosankha fodya ku Karoi, aliyense wodziwa kumene ali anene. Adiresi ya bwaloli ndinaipereka kwa madalaivala a malole a fodya kuti aifalitse.

Anthu analowa, inde. Tsiku lililonse mayina atsopano. Koma wolankhula? Ngakhale mmodzi! Bwalo lodzaza, chete ngati pamaliro a mlendo. Ndinapsa mtima. Ndinapita kwa amayi ku Macheke, n'kuponya foni pamphasa.

"Anthu anu ndi mbuli," ndinatero. "Ndawamangira bwalo, angokhala duu!"

Amayi anayang'ana mayinawo, n'kundifunsa modekha: "Wawalonjera ndani?"

Ndinawaonetsa kauthenga ka Chingerezi kamene makina amatumiza okha kwa aliyense wolowa. Amayi anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, sukulu inakudya mutu. Mlendo akafika amakhala pansi, amadikira eni khomo amulonjere, kenako ndiye amamasula zomwe wadzera. Amenewa ndi anthu oleredwa bwino. Mbuli ndiwe."

Zinandiwawa, koma zinali zoona. Vuto linali lakuti amayi kulemba pa foni satha, ndipo anati moni wolemba si moni. Mwamwayi thumba langa la feteleza lija linkalola kuikamo mawu ojambula, bola malo akule. Ndinakulitsa malo ku Joni kuja, ndinatsegula chipinda chatsopano chakutsogolo, n'kuchitcha Pakhonde.

Tsono amayi anayamba ntchito. Ankakhala pamphasa, kumanga duku bwinobwino ngati anthuwo akuwaona, ine n'kumawawerengera dzina limodzilimodzi. "Takuonani. Mwayenda bwanji? Nanga kumene mwachokera atsala bwanji? Ndinu a kwa yani?" Aliyense moni wake, osathamanga.

Abale inu, bwalo linaphulika! Mayi wina wa ku Chegutu anayankha akulira, ati mawu amenewo anawamva komaliza pachitsime cha m'komboni. Mkulu wina anaimba nyimbo yonse ya kudimba, mawu osasa ngati chitseko. Ena ankakangana za amene anaba nkhuku ya kapitawo ine ndisanabadwe. Chichewa, Chishona, Chingerezi, zonse mumphika umodzi. Ndinkaseka ndekha mu ofesi mpaka anzanga ankandiyesa wamisala. Ndinasangalala zedi, komabe mtima sunali pansi, chifukwa za amalume palibe ankadziwa.

Panali dzina lina lomwe linalowa kale kwambiri, longoti Wosankha Fodya. Ku Karoi osankha fodya ndi ambirimbiri, ndiye sindinalilabadire. Amayi analilonjera monga ena onse. Mawa lake masana kunabwera yankho. Ndinalitsegula tili pakhonde, amayi akusankha nyemba.

"Ndayenda bwino, mlongo wanga, kaya inu. Mwana wanga ndiye anandilowetsa muno. Chikalata cha mwana wanuyo ndinachiona, chondisaka ngati mbuzi yotayika. Ine ndinafika kalekale, ndinakhala pansi. Ndimati kodi pakhomo pano palibe munthu wamkulu?"

Lichero linagwa, nyemba mbwee pabwalo. Amayi anandilanda foni, kuiika kukhutu, kuibwereza, kuibwerezanso. Kenako anaimirira n'kululuta, mayi woti mawondo amadandaula nawo tsiku lililonse, kuvina fumbi kobo, nkhuku zikutola nyemba zawo. Ine misozi ili chuchuchu, kuseka ndi kulira pamodzi.

"Kawauze Ashona ako akonzeke," anatero akupuma wefuwefu.

Amalume anabwera pa basi Loweruka lotsatira, atavala jekete lonunkha fodya, tsitsi lonse mbuu. Ndinkafuna kuwathamangira, koma amayi anandigwira mkono. Amalume analowa pabwalo, anakhala pampando womwe tinawaikira, chipewa pabondo, kudikira eni khomo awalonjere. Amayi anagwada patsogolo pawo, anaomba m'manja, n'kuwafunsa mmene ayendera.