Mkazi wa m'kabuku kaja sindine

Chaka chimene ndinkagulitsa kaunjika mumsika wa ku Kawale, kunatuluka kabuku kena kachikondi, kopyapyala moti unkatha kukamaliza uli pamzere wa kuchigayo. Mlembi wake anali mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Biwi. Ankalemba timabuku totere tambiri, ta amuna onama ndi akazi olira, mapeto ake ukwati kapena maliro. Ine ndinkatikonda, sindibisa. Ndinkabwereka ku saluni, komwe kabuku kamodzi kankazungulira mpaka chikuto kuthothoka.

Koma kameneka kanandisowetsa mtendere. Munali mkazi wapabanja, wogulitsa kaunjika, wamanzere, amene ankazemberana ndi dalaivala wa minibasi. Ine ndine wamanzere. Basi, mlandu unathera pomwepo. Anthu a kwathu kuno sawerenga buku kuti amve nkhani, amawerenga kuti apezemo mnzawo.

Anayamba ndi amayi ena ogulitsa tomato, kundiitana dzina la mkazi wa m'kabukumo. Tsiku loyamba ndinaseka nawo. Posakhalitsa makondakitala pasiteji ankandikuwira dzina lomwelo, ndipo amayi a kutchalitchi ankatsitsa mawu ndikamafika. Popatsa kasitomala malaya ndinayamba kudzikakamiza kutambasula dzanja lamanja, ngati mwana woopa aphunzitsi. Mtima unkandipsa, koma womukalipira panalibe, poti aliyense ankati akungocheza.

Kenako kabukuko kanafika kunyumba. Amuna anga, anthu oti nyuzipepala yomwe sankaigwira, ndinawapeza pakhonde atakatsegula, chala chikuyenda pamzere uliwonse. Sanandifunse kanthu. Anangoyamba kutulukira kumsika masana popanda chifukwa, n'kuima chapatali, maso ali pa minibasi iliyonse yoima pafupi ndi benchi langa. Ine pabenchipo sindinkakhazikika, kukhala pansi, kudzuka, kupinda malaya opindapinda kale. Ukwati wanga unkatha ndikuona, chifukwa cha munthu wa papepala.

Loweruka lina ndinatopa nazo. Ndinauza amuna anga kuti, "Valani nsapato, tipite ku Biwi. Alembiwo akanene okha pamaso panu."

Tinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, bambo wamfupi, wa imvi, wovala magalasi okhuthala. Anatipatsa mipando pakhonde. Ndinawalonjera mwaulemu, kenako ndinafotokoza zonse.

Alembiwo anandiyang'anitsitsa. "Pepani amayi, ine nkhope yanuyi n'koyamba kuiona. Mkazi ameneyo ndinamupeka ndili pakhonde pompano. Zamanzerezo ndinangoikapo kuti nkhani ikome. Ndipo si inu oyamba kubwera, wina anachokera ku Chinsapo, wogulitsa nsapato, akuti ndinangomusinthira katundu." Anatembenukira kwa amuna anga. "Abambo, akazi anuwa sindikuwadziwa."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatuluka pageti thupi litapepuka, mpaka ndinagula nzimbe panjira kuti tizidya pobwerera. Ndinaithyola pabondo, mbali yaikulu n'kupereka kwa amuna anga. Anailandira, koma sanaisende. Tinayenda fumbi la magalimoto likutithira, mpaka tinayandikira kwathu.

"Mwadzimvera nokhatu," ndinatero.

Iwo anayang'ana kutsogolo, nzimbe ili m'manja. "Ndamva. Koma inu mumaganiza kuti akanavomera?"