Mabatani a Diresi la Agogo

Esinati mng'ono wanga, lero zakwana zaka zitatu chitisiyire iwe. Ndakumbukira Loweruka lija unabwera kuno ku Mabvuku ndi madiresi awiri amene unasoka potengera chithunzi cha agogo ali mtsikana kupulazi, kufamu kuja, a kolala yoima, ofika m'mapazi. Unandimanga tsitsi ndi ulusi wakuda n'kundipaka paudala, kuti tikajambulitse m'tauni tikuoneka ngati iwo. Ine ndinayamba kuwerenga mabatani. Pachithunzi ndinapeza khumi ndi anayi, pamadiresi ako khumi ndi awiri. "Achemwali, kamera si mphunzitsi ngati inu, tiyeni kombi itisiya," unatero ukuseka. Ndinakana, ndinati tidzapita ukaonjezera osowawo. Unavula diresi lako. Patangotha masabata asanu tinakuika m'manda.

Dzulo ndinakulitsa chithunzi cha agogo chija pafoni, ndipo ndinawerenga katatu. Mabatani alipo khumi ndi awiri, Esinati. Ena aja anali timadontho ta chuku. Sunalakwitse, mng'ono wanga, undikhululukire. Ndafufuza m'nyumba monse chithunzi cha iwe ndi ine titakalamba, tili limodzi. Palibe ngakhale chimodzi.