Mabedi Amene Atate Anasiyanitsa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene dzinja lililonse inkalowa madzi mpaka m'akakolo. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa imodzi ndi imodzi, azibambo n'kumabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, makalata owachotsa ntchito ali m'thumba. Unga wa m'thumba lalikulu tinali titauiwala. Tinkagula wa m'timapulasitiki tija ankati pamela, kamodzi kongokwana mphika umodzi. Pamzere wathu wonse, atate anga, a Sakala, ndiwo okha anali akadali pa ntchito ya malipiro a pamwezi, ndipo ine ndinkayenda modzimva chifukwa cha zimenezo.

Ntchito yawo inali ku Siavonga, pa boti lalikulu lonyamula anthu andalama okapuma pa nyanja ya Kariba. Sankaliyendetsa botilo, ayi. Iwo anali osamalira tizipinda togona alendo: kuyala mabedi, kusintha nsalu, kutsuka zimbudzi, kunyamula zikwama. Ankabwera kunyumba kamodzi pamwezi ndi tinsomba ta kapenta m'chigoba ndi tisopo tating'ono totsala kwa alendo. Tisopoto ndinkakanunkhizitsa anzanga kusukulu, mmodzi mmodzi, ndipo amene ndinayambana naye sankanunkhiza nawo.

Atate ankakonda kutifotokozera za mabedi a m'botimo. M'kachipinda kalikonse munali mabedi awiri opapatiza. Alendo akakhala mwamuna ndi mkazi wake, mabediwo ankagundanitsidwa, kumangidwa ndi malamba kunsi, n'kuyalapo nsalu imodzi yaikulu. Akakhala anthu ongoyendera limodzi, ankasiyanitsidwa, pakati n'kuikapo katebulo. Ku ofesi ankafunsiratu mlendo aliyense mmene akufunira, n'kulemba papepala limene atate ankapatsidwa. Koma anthu ena ankaona ngati kuyankha funso lotere n'kudzichepetsa, choncho malowo ankasiyidwa osalemba, ndipo woyala bedi ankayenera kulota yekha.

Tsiku lina Lachitatu, pakati pa mwezi, ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza atate atakhala pa njerwa pakhomo, chikwama chawo chonse chili pambali. Munalibe kapenta. Amayi anandituma kukatsuka mbale kuseri, ndipo ine ndinatsuka mbale imodzi yomweyo mpaka nkhani yonse itatha, khutu lili pakhoma.

Atate anati pa botipo panabwera bwana wina wa kuno ku Lusaka, munthu waimvi, mkulu pa kampani ina imene inkabwereka botilo kawirikawiri. Anabwera ndi anzake, komanso ndi mtsikana wa zaka ngati makumi awiri amene ankamunyamulira jekete. Papepala sipanalembedwe kanthu. Atate anayang'ana imvi zija, anayang'ana mtsikanayo, n'kukasiyanitsa mabedi. Mtima wawo sunakhazikikebe, chifukwa kwathu bambo sagona chipinda chimodzi ndi mwana wake wamkazi wotha msinkhu. Tsono anakwera pamwamba pamene bwanayo ankamwa ndi anzake, nagwada pang'ono, n'kunena kuti pali kachipinda kena kopanda munthu, ngati angalole kuti mwana wawo akagone m'menemo. Anzake aja anaseka mpaka wina kutsamwa. Boti litangobwerera kudoko, woyang'anira anauza atate kuti alongedze. Anati angabwerere pokhapokha mlendoyo atanena yekha kuti wawakhululukira.

"Nenze naganiza chabe ati ni mwana wao," anatero atate. Kenako anatsitsa mawu, ndipo zotsatira sindinazimve.

Ine ndi nzeru zanga za giredi sikisi ndinamva kuti mtsikanayo analidi mwana wa bwanayo, ndipo atate achotsedwa chifukwa chosunga mwambo. Ndinakwiya kwambiri. Amayi anangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, atate apite akagwire mwendo wa bwanayo kunyumba kwake. Mnzawo wina wa pa boti anali atawauza kuti nyumbayo ili ku Kabulonga. Anagwirizana kuti apite ndi ine, nditavala yunifolomu ya sukulu ngakhale linali Loweruka, kuti munthu wamkuluyo akaone ndi maso ake mwana amene sukulu yake idzathera pomwepo.

Tinanyamuka m'mawa, nsapato zili m'pulasitiki, tikuyenda m'madzi amatope mpaka pamsewu wa tala. Pamenepo atate anandipukuta mapazi ndi kansalu ka m'thumba mwawo, n'kundiveka nsapato.

"Dailesi, kuja tikafika unkale chabe zii," anandiuza. "Ukapereka moni, basi. Wamvela?"

Ndinati ndamva.

Ku Kabulonga ndinali ndisanafikeko. Chimene chinandidabwitsa si kukula kwa nyumba, koma bata lake, ndi madzi amene ankathirira kapinga pamene mvula inali itagwa usiku wathawo. Mlonda anatiimika pageti nthawi yaitali ndithu. Amene anatilowetsa anali mkazi wa bwanayo, mayi wonenepa wa nkhope yachifundo, amene anationa akudula maluwa. Anatikhazika pa masitepe a kukhitchini, natumiza tiyi wamkaka ndi buledi wopaka batala. Buledi woteroyo ndinali nditatha chaka osamulawa. Ndikuvomera kuti ndiye anandimasula pakamwa, chifukwa ndinaganiza kuti munthu wopatsa chonchi sangalephere kumva chilungamo.

Mayiyo anati amuna ake akusamba, nafunsa chimene tadzera. Atate anavula chipewa, nati amagwira ntchito pa boti ku Siavonga, ndipo abwera kudzapepesa.

"Oo, kuja benze ku misonkano ya kunchito," anatero mayiyo. "Manje munabalakwila chani, ba Sakala?"

"Ninalakwisa chabe pa nchito, madamu. Vinthu ving'ono."

"Ving'ono bwanji, kufika pobachosa nchito bantu? Kambani, mwina ningamutandizeni."

Atate anayang'ana pansi, chipewa akuchizunguza m'manja, nabwereza mawu omwewo. Ine mtima unkandiwawa. Ndinaona munthu wosalakwa akudziweruza yekha, chithandizo chili patsogolo pake. Ndinameza buledi, n'kuimirira mmene tinkaimirira poyankha aphunzitsi.

"Batate sibanalakwe, madamu. Banasiyanisa chabe mabedi ya ba bosi na mwana wanu mukazi, kaili ni mukulu. Sibangagone pamozi na batate bake."

Atate anandigwira dzanja mwamphamvu, koma madzi akatayika sawoleka. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati akuwerenga chinachake pamphumi panga.

"Mwana wanga mukazi?" anatero pang'onopang'ono. "Ine nili na bana batatu, mwanangu. Bonse ni bamuna."

Anaika lumo lake la maluwa pa sitepe, nalowa m'nyumba. Tinamva chitseko chikumenyedwa, kenako mawu okwera m'Chingerezi, kenako chinthu chagalasi chikusweka. Ine ndinali ndisanamvetsebe bwino, koma ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa atate, ndipo mantha anandigwira. Patapita kanthawi bwanayo anatulukira pakhomo la khitchini atavala vesiti, sopo akadali kukhutu. Sanakalipe. Anayang'ana atate monga munthu amayang'anira chimene waponda panjira.

"Iwe, pa nyanja ija sunzakagwilepo futi nchito," anatero. Kenako anaitana mlonda kuti atitulutse.

Tinabwerera wapansi, kuchokera ku Kabulonga mpaka ku Kanyama. Ndalama ya minibasi inalipo, koma ndikhulupirira kuti atate sankafuna kufika msanga. Ankayenda patsogolo, ine m'mbuyo, nsapato zikundidya zidendene. Ndinkadikira khofi la patsaya, ndipo ndinkalifuna, chifukwa likanandipepuza mtima. Silinabwere. Titawoloka njanji kulowa m'tauni, anaima pansi pa mtengo, nandigulira chimanga chootcha, n'kundiyang'ana ndikulephera kuchidya. Apo m'pamene anandiuza mwachidule kuti mtsikana uja anali ndani kwa bwanayo. Ndinalira ngati mwana wa zaka zitatu, anthu odutsa akutiyang'ana.

"Leka kulila, sunaname," anatero. "Koma ise ba mu vipinda muja timaona vonse, elo sitiona kantu. Ndiye nchito yeve iyo, mabedi ni vongoikilako. Chazoona chifuna muntu wamene ali na unga mu nyumba."

Kunyumba anauza amayi kuti bwanayo wakana, osatchula za ine. Amayi anamwalira zaka zambiri pambuyo pake osadziwa kuti amene anatseka chitseko chija ndi ine, ndipo ndinalibe mtima wowauza.

Atate anapitanso ku Siavonga kawiri kukafunsa pa maboti ena. Konse mbiri inali itawatsogolera, yoti Sakala amatulutsa za m'zipinda za alendo. Palibe anafunsa kuti zinatuluka bwanji. Anabwerera ku Kanyama n'kuyamba kuswa miyala m'mbali mwa msewu pamodzi ndi azimayi, manja aja amene ankasalaza nsalu zoyera akung'ambika ndi hamala. Fumbi la miyala linawalowa m'chifuwa. Anatsokomola zaka zitatu, n'kumwalira ndili giredi naini, ndipo sukulu yanga inathera pamaliro pomwepo. Nthawi yonseyo sanandikumbutsepo za ku Kabulonga ngakhale tsiku limodzi. Akanandinyoza, mwina bwenzi nditadzikhululukira.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha. Lero ndine mayi wamkulu, ndipo ndimaona kuti mlanduwo tinali ambiri. Bwana uja akanangotsegula pakamwa polowa m'boti n'kunena kuti mabedi agundanitsidwe, atate akanagwada n'kumanga malamba, osafunsa kanthu. Anzake akanapanda kuseka, mwina iye akanangoti mkulu uyu walakwitsa, n'kuiwala. Koma kwa anthu aja woyala bedi sanali munthu woti n'kumuuza zinthu, kapena woti n'kumukhululukira. Ankayenera kudziwa osauzidwa, kuona osaona, ndipo akaphonya kamodzi, ana ake asiye sukulu. Atate anachotsedwa chifukwa cholemekeza mlendo kuposa mmene mlendoyo ankadzilemekezera.

Ndikanakonda kulemba kuti zinthu zinasintha. Ine amene ndikulemba zino ndatha zaka makumi awiri ndikuyala mabedi pa nyumba ina yogona alendo kuno ku Lusaka. Ntchito ina sindinaipeze. Alendo amandidutsa m'khonde ngati akudutsa tsache. Ena amandiitana ndi kuliza zala, ndipo amene amafunsa dzina langa ndingawawerenge ndi dzanja limodzi. Ndimaona azibambo amene ndimawadziwa akazi awo akubwera ndi zibwenzi, ena timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndimagundanitsa mabedi, ndimasintha nsalu, Lamulungu ndimapatsana moni ndi akazi awowo, ndipo pakamwa panga sipatuluka kanthu. Pa ntchito amandiyamikira kuti ndine munthu wodalirika.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi, amene wamaliza sukulu koma ntchito kulibe, analembedwa ganyu pamalo pomwepo. M'mawa wa tsiku lake loyamba ndinamuimika pageti, ndikumukonza kolala, n'kumuuza kuti chilichonse chimene aone m'zipinda muja, sanachione. Anandifunsa ngati zimenezo n'zabwino. Ndinamuyankha kuti ayi, si zabwino, ndipo ndinamutsegulira geti kuti alowe.