Ndege ya Bwana ndi "Yes Madam" wa Mariamu

Bwana wanga, mkulu wina amene anapuma pantchito youlutsa ndege, akupanga ndege yakeyake. Musaseke. Ya mipando iwiri, mapiko ndi zonse, m'shedi ina kuchipululu kunja kwa Dubai. Ine ntchito yanga ndi udalaivala, koma tikafika kumeneko ndimasanduka wogwira tochi ndi wopatsira sipanala.

Lachiwiri lapitali ankalumikiza zida ziwiri. China ndi GPS, yonga ya m'galimotoyi, imene imadziwa njira. China ndi otopayiloti, kachida kamene kamagwira chiwongolero woulutsa akafuna kupumitsa manja. GPS imanena kolowera, otopayiloti imakhotetsa ndege. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kopyapyala ngati ulusi wa matelala a ku Satwa.

Ndege ili pansi, bwana anaika mu GPS njira yokhotera kumanja. Tinayang'ana chiwongolero. Chili phee. Koma kanyali ka otopayiloti kanali kobiriwira, kusonyeza kuti zonse zili bwino.

Vuto analipeza msanga. GPS inkatumiza uthenga mothamanga kuposa mmene kachida ka otopayiloti anakatchera kuti kazimvera. Atakonza, chiwongolero chinayamba kusuntha. Ine mumtima ndinati khalas, zatha basi, tizipita, dzuwa la kuno silicheza ndi munthu.

Koma mkuluyo anasolola dala waya uja, n'kuyang'anitsitsa kanyali. Kobiriwirabe.

"Yusufu, ichi ndiye chingandiphe," anatero. "Kusamva si mlandu. Koma kakapanda kumva kalire, ndidziwe. Apo ayi ine ndiziti tikubwerera kwathu, pamene ndege yalunjika kunyanja."

Analumbira kuti ndegeyo sidzanyamuka mpaka kachidako katayamba kulira uthenga ukaduka.

Madzulo ake, nditangofika kuchipinda kwathu ku Hor Al Anz, mlongo wanga Mariamu anandiimbira. Wangoyamba kumene ntchito yolera mwana kufupi ndi Festival City. Madamu ake anali atanyamuka pa ulendo wa kuntchito, ndipo ali pakhomo, chikwama m'manja, anamutchulira zakudya zimene mwanayo sayenera kulawa, chifukwa amatupa n'kumabanika. Chingelezi chake chothamanga.

"Ndiye unamva?" ndinafunsa.

"Mtedza wokha ndinamva, achimwene. Zinazo zinangondidutsa."

"Unawayankha chiyani?"

"Yes madam."

Ndinachita mantha, sindinama. Mwana wa eni ake, mbale ili patebulo, womudyetsa sakudziwa choti apewe.

"Aimbire pompano ufunsenso."

"Iii achimwene, andiyesa mbuli. Mnzanga wa ku Chipata anamubweza kwa ajenti amene anamupezera ntchito chifukwa cha Chingelezi chomwechi."

Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira bwanji? Tonse tinaleredwa choncho. Wamkulu akalankhula umagwada, n'kunena kuti ndamva. Kufunsa kuti abwereze kumaoneka ngati mwano. Tikafika kuno, ajenti amawonjezera phunziro lawo: mwetulira, vomera, usavutitse. Ndiye timavomera kwa madamu, kwa fomani, ngakhale kwa dokotala akamatiuza kamwedwe ka mankhwala. Tikatuluka panja m'pamene timayamba kufunsana tokhatokha kuti kodi paja anati chiyani.

Ulemu umenewu ndimaukonda, ndipo ndi umene amatiyamikira nawo Amalawife m'nyumba zambiri. Koma kodi ulemu wobisa kuti sunamve ukuteteza ndani?

Nawonso mabwana asathawe mlandu. Wanga uja kachida katapanda kumva, sanakataye m'bini. Anafufuza, n'kupeza kuti wolankhula ndiye ankathamanga. Ngati munthu angalezere mtima waya, angalephere bwanji kulezera mtima mtsikana amene wamusiyira mwana wake? Mukamabweza wantchito aliyense amene wafunsa kawiri, mudzatsala ndi okhawo ovomera zilizonse, ndipo mudzaziona tsiku loipa.

Mariamu ndinamuuza za kanyali kaja. Anaseka pang'ono, akuti achimwene mwayamba kulalikira ndi ndege. Ndinkamva mwana akuimba chapatali, akumenya supuni patebulo.

"Akandichotsa ntchito?" anafunsa.

"Akakuchotsa tidzafuna ina, inshallah. Mwana akabanika tidzafuna chiyani?"

Anadula foni.

Patapita kanthawi anaimbanso, atalankhula ndi madamu pafoni. Madamu anayamba ndi kukalipa, akuti bwanji sunanene ndili pomwepo. Kenako anabwereza pang'onopang'ono, n'kumuuza Mariamu kuti azitchula pambuyo pawo. Mtedza, mazira, chitowe.

"Achimwene," anatero Mariamu, "m'mbale ija ndinali nditamuikira dzira."

Ndege ya bwana ikadali pansi, ikudikira kuti kachida kaja kayambe kulira. Nanga inu owerenga, amene mwayankha kuti "yes" m'mawa uno, munamvadi?