Anyezi wa ku Nasolo

Ine ndimakhoma mbaula ndi zidebe mumsika wa Ndirande. Fungo sindiliopa, ndimakhala nalo tsiku lonse. Koma la anyezi wosinja linandikwana chaka chimene mkazi wanga anapezeka ndi chotupa m'bere.

Kuchipatala anati ndi khansa. Anatipatsa tsiku la opaleshoni, nati tisazengereze. Ndinadziwitsa abale ake monga mwa mwambo. Kwawoko mwamuna salamula pa matenda a mkazi. Wolamula ndi mwini mbumba, mlongo wake wamkulu, alamu anga a ku Bangwe. Ine ntchito yanga n'kubereka ana ndi kugula ufa.

Alamu anafika Loweruka atanyamula jumbo. M'menemo munali anyezi uja wopanda mutu, wamasamba okhaokha owonda ngati udzu. Anatsegula foni. Munalankhula mayi wina, akuti azungu apeza kuti m'masamba amenewa muli mankhwala opha khansa.

"Mwamva, alamu? Za mpeni ayi. Mlongo wanga sakadulidwa ngati mbuzi ya pa Khirisimasi."

"Mayiyo ndani?" ndinafunsa.

"Zili pagulupu ya pafoni ya kutchalitchi."

"Ndafunsa kuti ndani."

"Inu mumadziwa malata. Za magazi athu tisiyireni."

Mkazi wanga anangoyang'ana pansi. "Achimwene anena, bambo. Tiyese kaye."

Tsiku la opaleshoni linadutsa tili kunyumba.

Akazi a alamu ndiwo ankakonza. Ankasinja masambawo mumtondo pamodzi ndi adyo, osaphika, akuti moto umapha mphamvu. Kenako n'kufinya pa kansalu. Madzi ake obiriwira, a thovu, ngati a m'ngalande. Kapu m'mawa, kapu madzulo. Mkazi wanga ankamwa atatseka mphuno, pang'ono n'kuthamangira kuseri kukasanza.

"Eyaa, ndi matendawo akutuluka," ankatero akazi a alamu.

Zotsala pa kansalu ankazimata paberepo n'kumanga ndi chitenje. Khungu linapsa, linatuluka matuza. Anati ndiye kuti mankhwala agwira.

Fungo linalowa paliponse. M'mabulangete, mu yunifolomu za ana, ngakhale mu shuga. M'minibasi anthu ankatsegula mawindo ndikakwera. Kondakitala wina anandifunsa ngati ndagona m'thumba la anyezi wowola.

Odzazonda matenda ndiye ankawonjeza. Aliyense ndi dokotala. Uyu akuti thiranimo mandimu. Uyo akuti soda pang'ono. Wina akuti azakhali ake ku Mulanje anachira nazo, koma nditafunsa kuti ali kuti, anati anamwalira ndi zina. Onsewo tiyi ankamwa wanga.

Tsiku lina ndikukapereka mbaula kwa kasitomala, ndinadzera m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo. Ndinapeza alamu ataima pa kadimba, akudikira. Mwini dimba ankatunga madzi mumtsinjemo ndi chigubu chodula n'kumathirira anyezi yemwe uja. Madzi akuda bii. Matewera a ana akuyandama, mapaipi a zimbudzi akutsikira momwemo, ntchentche zili ng'waa. Mwini dimbayo anazula anyezi, n'kungokutumula, n'kuika mujumbo la alamu.

"Alamu, ndi zimenezi mukumwetsa mkazi wanga? Zosaphika?"

"Timatsuka."

Ndinalavula, n'kupitirira.

Madzulo ake ndinamasula chitenje chija ndekha. Bala linali litayamba mafinya. Ndikupukuta ndi madzi ofunda, dzanja linagunda kanthu kolimba kukhwapa. Kale kunalibe kanthu kameneka. Mkazi wanga anati wakamva kale, koma amaopa kunena.

M'mawa ndinati, "Valani. Tikupita."

"Nanga achimwene?"

"Akandipeze kumsika."

Analira, koma anavala.

Dokotala anali mayi wachichepere. Anayang'anitsitsa balalo. Ndinamufotokozera zonse, n'kufunsa ngati za mufonizo zili zoona. Anati m'anyezi ndi adyo mulidi zinthu zimene akatswiri akuzifufuza, mwina tsiku lina zidzathandiza. Koma palibe amene waonetsa kuti kapu ya madzi ake ingachotse chotupa mwa munthu.

"Muzithira mu ndiwo, bambo. Ndi chakudya chabwino. Koma apa pakufunika ife, ndipo mwachedwa kubwera."

Anayamba apoletsa bala la anyezi lija. Kenako anachotsa bere, n'kuchotsanso za kukhwapa. Panatsatira mankhwala a m'diripi. Tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada. Alamu sanabwere kuchipatala ngakhale kamodzi. Ankauza anthu kuti mankhwala awo anali atatsala pang'ono kumaliza ntchito, ine ndi amene ndinasokoneza.

Mkazi wanga atatuluka, alamu anaitanitsa ankhoswe. Mlandu wake unali wakuti ndinatenga mlongo wawo osapempha, ndinanyoza mwini mbumba. Tinakhala pakhonde. Analankhula alamu, analankhula ankhoswe a mbali zonse, dzuwa mpaka kupendeka. Za Nasolo palibe anafuna kumva. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati, "Ali moyo. Uyo wakhala apoyo."

Anagamula kuti ndipereke nkhuku. Ndinapereka.

Kuchipatala timapitabe. Amamupima, n'kutiuza tsiku lina lobwerera. Sananene kuti zatha. Tikamapita sindiuza munthu.